Rumphi alinso ndi nyanja

Mukatchula Rumphi ku Lilongwe, anthu amakumbuka kuzizira kwa ku Nyika ndi fodya wa ku Bolero. Nyanja amati ndi ya ku Mangochi ndi ku Salima. Nanenso ndinkaganiza choncho, mpaka tsiku limene minibasi inanditsitsa phiri la Chiweta, mabuleki akununkha, madzi n'kungoti nyezinyezi m'munsimo.

Ndinatsikira pa Chitimba. Alendo ambiri pamenepa amangopaona ngati chipata. Atsike basi, amwe madzi, kenako maso ali kuphiri: msewu wa Gorodi, wokhotakhota ka 20, wopita ku Livingstonia kumene Robert Laws anakhazika mishoni mu 1894. Kumtundako n'kokongola, mathithi a Manchewe sindiwanyoza ayi. Koma amene wathamangira kumeneko osagona kugombe waphonya zambiri.

Mudzi wa asodzi umadzuka dzuwa likamalowa. Mabwato amalowa m'madzi, ndipo mdima ukagwira, nyali zimandandalika panyanja moti mlendo angaganize kuti kutsidyako kuli tauni. Ndi asiginala amenewo, akukopa usipa ndi kuwala kuti anzawo auzinge ndi chilimira. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizinyenga nsomba, ndiye ntchito imachepa. Kuno kalendala yeniyeni ili kumwamba.

M'mamawa gombe limasanduka msika. Amayi ndi mabeseni, kutsutsana mitengo mu Chitumbuka, ana akutola zogwa. Usipa wina aufutsa, wina auyanika pathandala, ndipo fungo lake limakutsatirani mpaka m'chikwama. Masana ndinadya kondowole ndi usipa wauwisi. Ine wokulira ufa woyera ndinalimbana nayo ntchito ya kondowoleyo, kumata m'manja, amayi ondiphikirawo akungoseka. Mbale ndinaipukuta ndithu.

Musayembekezere mahotela a magalasi. Malo ogona alipo, ochepa, ndipo ambiri ogonamo ndi azungu a zikwama kumsana. Ife eni dziko timangodutsa pa M1 kupita ku Karonga, kugula nsomba pawindo basi. Zimandiwawa pang'ono.

Mukafuna kupita, pewani June ndi July, nthawi imene mwera umavundula nyanja ndipo mabwato amagona pamchenga. Nyamulani ndalama m'thumba, phunzirani kunena "monire", ndipo mugone usiku umodzi pa Chitimba musanakwere phiri.