Seva za imelo zachikale zikuika zinsinsi za maofesi pachiswe

LILONGWE, Mana: Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inathetsa chithandizo chake cha nthawi zonse pa mapulogalamu a Exchange Server 2016 ndi 2019, omwe maboma ndi makampani ambiri amasungira ndi kutumizira makalata a imelo. Izi zikutanthauza kuti ofesi imene ikadali pa mapulogalamuwa siyenera kuyembekezera kuti mpata watsopano wolowera mbava ukapezeka, eni ake adzautseka monga kale.

Kuopsa kwa nkhaniyi kunaoneka mu 2021. Pa 2 Malichi chaka chimenecho, Microsoft inatulutsa zigamba zotsekera mipata inayi imene gulu lotchedwa Hafnium linkalowera m'maseva a Exchange n'kumawerenga makalata a eni. Nyumba ya Malamulo ya ku Norway ndi bungwe la European Banking Authority ndi ena mwa amene analoweredwa. Chomwe chinasautsa akatswiri n'chakuti chigambacho chinkangotseka khomo, osachotsa timapulogalamu tomwe mbavazo zinali zitabisa kale m'kati kuti zidzabwererenso. Mu Epulo chaka chomwecho, apolisi a FBI ku America anachita kutenga chilolezo cha khoti kuti alowe okha m'maseva a anthu n'kuchotsamo timapulogalamuto.

Koma si nthawi zonse pamene mdani amachokera kutali. Kuno kwathu, kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly pa kusolola kwa ndalama za boma mu 2013 anaonetsa kuti ena amene anali ndi mwayi wolowa m'makina a IFMIS ankalemba malipiro abodza, kenaka n'kufufuta umboni wake. Vuto lotere limayambira pa mmene makina awatcherera: ndani ali ndi mphamvu yofufuta, mawu achinsinsi akudziwika ndi anthu angati, ndipo kaundula wa olowa ndi otuluka akusungidwa pamalo pomwe wolakwayo sangafikepo kapena ayi. Wantchito akasamutsidwa kapena kupuma, akaunti yake imayenera kutsekedwa tsiku lomwelo, ntchito imene imafuna kuti a ofesi yoona za ogwira ntchito ndi a makompyuta azilankhulana.

Mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti mbava zinalowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo zinkafuna dipo, lomwe anati boma silipereka. Amalawi ofuna kuyenda anadikira kwa masabata angapo. Pa vuto la mtundu umenewu, chimene chimapulumutsa ofesi ndi kope la zonse losungidwa padera, losalumikizidwa ku intaneti, lomwenso linayesedwapo kuti likugwiradi ntchito.

Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 linakhazikitsa gulu la Malawi CERT pansi pa MACRA kuti lizithandiza pa ngozi zotere. Komabe kugula malayisensi atsopano ndi kusamutsa makalata a zaka zambiri kumafuna ndalama, ndipo amene amasainira ndalamazo ndi alembi aakulu a maunduna, osati anyamata a kuchipinda cha seva.