Okonza Misewu Akumbukire Mlimi Wapanjinga

Aliyense wa ife amene analimapo tomato, repu kapena kabichi akudziwa kuti ntchito sithera pa kukolola. Zokolola zikafota zisanafike kumsika, thukuta lonse lapita pachabe. Kwa alimi ang'onoang'ono ambiri kuno ku Kafue, chimene chimalumikiza dimba ndi msika ndi njinga. M'bandakucha imanyamula bokosi la tomato, madzulo imabwera ndi thumba la feteleza, tsiku lina imathamangira kuchipatala ndi wodwala. Ife tikuti njinga ndi chida cha ulimi monga khasu, ndipo okonza misewu ya tauni yathu ayenera kuiwerengera.

Taonani msewu waukulu umene tili nawo. Malole ochokera ku Lusaka opita ku Chirundu, ndi ena olowera ku Livingstone ndi ku mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, onse amadutsa mu Kafue ndi kuwoloka mtsinje asanasiyane pa Turnpike. Mlimi wochokera kumadera monga Chanyanya akafuna kugulitsa m'tauni, kawirikawiri amayenera kutsata msewu umenewu kapena kuudumpha. Njinga yolemedwa sikhota msanga, siimanso msanga. Lole ikadutsa pafupi, mphepo yake yokha imamgwedeza wopalasa. Akathawira kumbali, pamene phula lagumuka, gudumu limagwera m'munsi, tomato n'kumwazika. Zikathera pa tomato timathokoza Mulungu, chifukwa nthawi zina chimatayika ndi moyo wa munthu wodyetsa banja.

Chimene tikupempha si chachilendo. Mu 2019 boma la Zambia linatulutsa ndondomeko yosamalira oyenda pansi ndi apanjinga. Lamulo la mapulani a matauni ndi madera la 2015 likulamula khonsolo iliyonse kukonza pulani ya chitukuko pomva maganizo a anthu. Ndalama za CDF zinakwezedwa mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo zapitiriza kukwera. Mapempho a ntchito za ndalamazi amayambira ku komiti ya chitukuko ya wadi. Khomo ndi lotsegula, koma kodi ndi angati mwa ife amene anapitako kukalankhula za njinga?

Tikapita, tikanene zinthu zogwirika. Choyamba, m'mbali mwa msewu waukulu mukhale njira yotakata, yothira phula, ya njinga ndi oyenda pansi, makamaka m'kati mwa tauni. Msewu umenewu uli m'manja mwa bungwe la Road Development Agency, choncho khonsolo ndi phungu atinyamulire pempholi kumeneko. Chachiwiri, pafupi ndi misika, masukulu ndi zipatala pakhale malo odumphira msewu, okhala ndi mahampu ndi magetsi. Chachitatu, kumisika kukhale zitsulo zokhomerapo njinga, kuti mlimi asamagulitse diso lili pa njinga. Chachinayi, misewu yafumbi yochokera kuminda ipalidwe ndi kuikidwa makalavati mvula isanagwe. Zitatu zomalizazi khonsolo ingayambepo ndi ndalama zimene zilipo kale.

Ena adzati ndalama n'zochepa, zipite kaye ku mijigo ndi makalasi. Zimenezo n'zofunikadi, sitikukana. Koma mwana wakumudzi amafika m'kalasimo wapansi kapena panjinga, ndipo njira ya njinga imatsika mtengo ikaikidwa pamene msewu ukukonzedwa kusiyana ndi kudzaigumulira pambuyo. Ena adzati njinga ndi ya amphawi, tonse tidzagula magalimoto. Dziko la Netherlands ndi lolemera, komabe anthu ake amapalasa tsiku ndi tsiku chifukwa anawakonzera njira zawo. Kuno kwathu, ku Chipata njinga zaganyu zimadyetsa mabanja ambiri. Njinga simwa petulo, imakonzedwa pansi pa mtengo, ndipo ya Buffalo inapangidwa kuti inyamule makilogalamu 100 kumbuyo. Mlimi woyamba kumene, phindu lake limatsalira pamenepo.

Nafenso tili ndi mbali yathu. Tisapemphe ulemu pamsewu tikupalasa njinga yopanda mabuleki, yopanda nyali, usiku titavala zakuda. Tiyende kumanzere, timange katundu bwino, tivale chowala, ndipo mowa ndi chiwongolero zisakumane. Moyo ndi mphatso imene tinapatsidwa kuti tiisamale.

Kwa inu amene mudakali pa maphunziro, ndi inu amene munabwerera kuminda yanu, nayi ntchito. Monga mmene timalembera zokolola m'buku, tilembenso za msewu. Sankhani malo amodzi oopsa, muwerenge njinga zodutsapo m'mawa kwa sabata imodzi, mulembe zimene mwaona. Kalatayo isainidwe ndi kopaletivi yanu kapena gulu lanu la kumpingo, mukaipereke kwa komiti ya wadi ndi kwa akhansala, kenako mukafunse yankho pamsonkhano wotsatira. Mutu umodzi susenza denga: munthu mmodzi adzamuuza kuti abwere mawa, koma alimi 50 okhala ndi manambala m'manja savuta kumveka. Pofika pa 3 Juni, tsiku lokumbukira njinga padziko lonse, wadi iliyonse imene muli wophunzira wathu ikhale italandira kalata yake.