Mayi Mottley adaulula ngongole ya dziko lawo poyera



Ndiloleni danga m'nyuzipepala yathu yokondedwayi kuti ndiwafotokozere awerengi anzanga za mayi wina amene adasunga thumba la ndalama za dziko lake pa nthawi yovuta kwambiri. Mayiwa ndi a Mia Mottley a ku Barbados. Ndalemba kalatayi chifukwa nkhani ya ngongole ya boma timaimva pa wailesi ngati ya anthu ophunzira okhaokha, chonsecho amene amaibweza ndife tomwe tikamagula mchere, sopo ndi feteleza.

Barbados ndi chilumba chaching'ono cha ku nyanja ya Caribbean, cha kufupi ndi America. M'litali mwake ndi makilomita 34 basi, ndipo anthu ake sakwana 300,000, ochepa kuposa a mumzinda wa Blantyre. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anthu a muno mu Africa amene adatengedwa ukapolo kukalima nzimbe. Dzikoli lidalandira ufulu kuchoka kwa Angerezi mu 1966, patapita zaka ziwiri ife titalandira wathu, ndipo chuma chake chimadalira kwambiri alendo odzaona malo.

Mayi Mottley adabadwa mu 1965 ndipo adaphunzira zamalamulo ku London. Ataima koyamba pa chisankho cha aphungu mu 1991 adagwa. Adayesanso mu 1994 napambana, ndipo adasankhidwa kukhala nduna ya zamaphunziro asanakwanitse zaka 30. Mu 2001 adakhala mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, mayi woyamba kukhala pa mpandowo, ndipo mu 2003 adakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu. Chipani chawo cha Barbados Labour Party chitagonja mu 2008, iwo ndiwo adachitsogolera ku mbali yotsutsa boma. Mu 2010 aphungu anzawo adawachotsa pa utsogoleriwo, koma mayiwa sadathawire ku chipani china, ndipo mu 2013 adawabwezera pampando. Pa chisankho cha pa 24 May 2018 chipani chawo chidatenga mipando yonse 30 ya ku Nyumba ya Malamulo. Mayi Mottley adakhala nduna yaikulu yoyamba ya chizimayi m'dzikomo, nadzisungiranso unduna wa zachuma.

Atatsekula mabuku adapeza zoopsa. Monga momwe adalengezera iwo eni, ngongole ya boma pamodzi ndi mabilu osalipidwa idali itafika pafupifupi 175 peresenti ya chuma chonse chimene dzikolo limapanga pa chaka. Tinene kuti munthu amapeza K100 pa chaka koma ali ndi ngongole ya K175. Ndalama zakunja zimene zidali ku banki yaikulu sizikadatha kugula katundu wa miyezi iwiri, pamene chilumbachi chimaitanitsa kunja mafuta, mankhwala ndi chakudya chambiri.

Nduna ina ikadakhala chete, n'kupita kwa akatapila ena kukabwereka ndalama zobwezera akatapila oyamba, kuti vutolo lidzaphulike m'manja mwa wina. Mayi Mottley sadatero. Pa 1 June 2018, patangotha sabata imodzi chilowereni m'boma, adauza mtundu wonse kukula kwa ngongoleyo. Adati boma layamba laleka kubweza ngongole zakunja kufikira litakambirana ndi eni ndalama, ndiponso kuti lipempha thandizo ku bungwe la IMF. Mu October chaka chomwecho IMF idavomera kupereka pafupifupi madola a ku America 290 miliyoni pa zaka zinayi.

Apa ndipo pagona mutu wa kalata yanga, Akonzi. Nduna ya zachuma tiziiyesa ndi mafunso awiri: kodi yatiuza zoona za ngongole nthawi ikadalipo? Nanga ululu wobweza ngongoleyo yaugawa bwanji? Munthu akabisa matenda, amadzaululika ndi maliro. Mayiwa adaulula msanga, ndipo chifukwa adayamba akambirana ndi mabungwe a anthu apantchito komanso eni makampani, anthu adalandira mankhwala owawa akudziwa matenda amene akuchiritsidwa.

Pa kagawidwe ka ululu, mayiwa adakana kuti wosauka asenze yekha katundu yense. Mabanki ndi ena a m'dzikomo amene adakongoza boma adavomera mu 2018 kulandira chiwongoladzanja chochepa ndi kudikira zaka zambiri. Okongoza akunja adalimbalimba kupitirira chaka, koma kumapeto kwa 2019 adavomera kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zawo. Boma lidakananso kugwetsa mphamvu ya ndalama yawo, imene yakhala ikusinthidwa madola awiri a ku Barbados pa dola imodzi ya ku America kuyambira 1975. Lidayambiranso kulipirira ana a m'dzikomo fizi ya ku yunivesite, imene boma lakale lidaawasenzetsa makolo. Ife amene tidaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya zinthu n'kukwera usiku umodzi, tikudziwa chimene anthu a ku Barbados adapulumuka.

Chinanso chanzeru n'chakuti m'mapangano atsopano a ngongole adalembamo mfundo yakuti namondwe wamkulu kapena chivomerezi chikagwa, boma likhoza kuimitsa kubweza kwa zaka ziwiri kuti liyambe lamanga zimene zagumuka. Nzeru imeneyi idayambira pa chilumba choyandikana nawo cha Grenada mu 2015, koma Mayi Mottley ndiwo adaitengera ku misonkhano ya mayiko. Mu 2022 adayambitsa ndondomeko yotchedwa Bridgetown Initiative, dzina la likulu la dziko lawo, yopempha kuti mayiko osauka okanthidwa ndi kusintha kwa nyengo azikongozedwa pa chiwongoladzanja chotsika ndi kupatsidwa mpata wopuma tsoka likagwa. Aliyense amene adaona zimene namondwe wa Freddy adachita ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023 angavomereze kuti si chilungamo kuti dziko likuika maliro ndi kumanga milatho, okongoza n'kumagogoda pakhomo tsiku lomwelo.

Ena anganene kuti ndikuwayamikira mopitirira muyeso, ndipo mawu awo ali ndi pogwira. Walira mvula walira matope. Anthu oposa 1,000 ogwira ntchito m'boma adachotsedwa ntchito. Mtengo wokwerera basi udachoka pa madola awiri kufika pa atatu ndi theka mu 2019. Okalamba amene adasungitsa ndalama zawo pokongoza boma adadandaula kwambiri, ndipo thumba la penshoni la dzikolo lidataya ndalama zochuluka. Mliri wa Covid-19 utaimitsa alendo mu 2020, ngongole idakweranso, ndipo pofika 2024 idali ikadali pamwamba pang'ono pa chuma chonse cha pa chaka. Choncho sindikunena kuti mayiwa adachita zozizwitsa. Ndikunena kuti anthu adauzidwa chimene chikuwapweteka, ndipo pa chisankho cha January 2022 adawapatsanso mipando yonse 30.

Komabe mipando 30 yomweyo ndiyo imandidetsa nkhawa. Munthu mmodzi akakhala mutu wa boma komanso msungichuma, Nyumba ya Malamulo yonse n'kukhala ya chipani chake, adzamufunsa ndani? Ngakhale ku mpingo timadziwa kuti wapampando sasunga yekha thumba, ndipo chopereka sawerenga munthu mmodzi. Mu 2018 zidatengera mtsogoleri wa mpingo, Bishopu Joseph Atherley, kutuluka m'chipani cholamula kuti m'Nyumbamo mupezeke wotsutsa. Mutu umodzi susenza denga, ngakhale utakhala wanzeru chotani. Pa mbali iyi sindikufuna kuti titengere chitsanzo ku Barbados.

Tsono pempho langa likupita kwa aphungu athu, mafumu ndi atsogoleri a mipingo. Dziko lathu lidakhululukidwa ngongole zambiri zakunja mu 2006, koma sipadapite zaka 20 tisanamirenso. Aliyense wokhala pa mpando wa nduna ya zachuma azitiuza m'Chichewa, pa wailesi, kuti tili ndi ngongole zingati, kwa yani, pa chiwongoladzanja chotani, ndipo ndalamazo zidagwira ntchito yanji. Ngongole yatsopano iliyonse izikhala ndi mfundo yopumira chilala kapena namondwe akagwa. Abusa ndi ansembe, inu amene mumawerengetsa ndalama za mpingo pamaso pa akhristu chaka chilichonse, musachite manyazi kufunsa boma kuti lichite chimodzimodzi.

Pomaliza, kwa abambo anzanga amene amati ndalama zikuluzikulu si za amayi, tayang'anani m'mudzi mwanu momwemo. M'mabanki a m'mudzi, m'makomiti a mijigo ndi m'magulu a amayi a ku tchalitchi, bokosi la ndalama timakonda kulisungitsa kwa mayi chifukwa timadziwa kuti tidzalipeza lili bwino. Anthu a ku Barbados adasungitsa mayi bokosi la dziko lonse, ndipo iye adalitsekula pamaso pawo sabata yoyamba. Nthawi ya chisankho ikadzafika, mayi wodziwa ntchito akadzaima m'dera lanu, mudzamufunse mafunso olimba monga mufunsira bambo, ndipo akadzayankha bwino musadzamumane voti chifukwa cha chitenje.



Mlimi wokhudzidwa,
Ntcheu.