Jakisoni si unyolo

Usiku wa pa 24 Ogasiti 2019, mumzinda wa Aurora m'chigawo cha Colorado ku America, mnyamata wina wakuda wa zaka 23, Elijah McClain, ankabwerera kwawo wapansi kuchokera kugolosale komwe anakagula tiyi wozizira. Anavala chipewa chophimba nkhope. Abale ake amati anali wochepa magazi ndipo ankazizidwa msanga. Munthu wina atamuona anaimbira apolisi kuti pali munthu wokayikitsa, komabe mwini wake woimbayo ananena kuti sanaone chida chilichonse. Pa 30 Ogasiti, Elijah ali m'chipatala, madokotala anazimitsa makina amene ankamupumitsa. Elijah ankagwira ntchito yotikita thupi, ndipo akapeza mpata ankapita kukaimbira vayolini amphaka osowa mwini kumalo osungirako ziweto.

Zimene apolisi atatu amene anabwera anachita n'zozolowereka, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti tafika pozitcha zozolowereka. Anamugwira asanamufunse zambiri, anamugwetsa pansi, anamupana khosi ndi mkono mwa njira yotsekereza magazi opita ku ubongo, kenaka anamuthira unyolo. Wapolisi mmodzi anati mnyamatayo amafuna kulanda mfuti. Makamera a pachifuwa anagwa pansi pa mpungwepungwewo, koma mawu anajambulika: Elijah akudandaula kuti akubanika, akupepesa chifukwa chosanza, akuwauza kuti iye sapha ngakhale ntchentche.

Koma chandikhalitsa pansi kuti ndilembe si apolisiwo ayi. Ndi anthu awiri amene anafika pambuyo pake, achipatala othandiza pangozi, Jeremy Cooper ndi Peter Cichuniec. Munthu akamazunzika m'manja mwa apolisi, kubwera kwa achipatala kumayenera kukhala mpumulo. Awiriwa anapeza mnyamata ali pansi, manja kumbuyo, atasanza kangapo, mphamvu zikutha. Sanamufunse dzina. Sanamugwire pamkono kuti amve kugunda kwa mtima. Anamvera zimene apolisi anawauza, n'kumubaya mamiligalamu 500 a mankhwala ogonetsa otchedwa ketamine. Mlingo umenewu ndi wa munthu wolemera makilogalamu 100, pamene Elijah ankalemera pafupifupi 64. Atamukweza mu ambulansi, mtima unaima.

Wina asaganize kuti ketamine ndi poizoni. Ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, ndipo kuno kwathu amagwira ntchito yaikulu m'zipinda za opareshoni m'zipatala za m'maboma, chifukwa sagwetsa kuthamanga kwa magazi ndipo kawirikawiri wodwala amapitiriza kupuma yekha. Amayi ambiri obereka mwa opareshoni apulumukira mankhwala amenewa. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchipatala amayamba akufunsa ngati wadya, amadziwa kulemera kwako, ndipo pamakhala munthu kumutu kwako amene ntchito yake ndi kuyang'anira kapumidwe kako basi. M'mbali mwa msewu usiku, pa munthu amene wapanidwa khosi, masanzi ali m'kamwa, mpweya wachepa kale m'magazi, mankhwala omwewo amamaliza zimene bondo ndi mkono zinayamba.

Nanga anthu ophunzira ntchito yawo anachitiranji zimenezi? Anati Elijah anali ndi matenda otchedwa excited delirium. Ankaphunzitsidwa kuti wodwala matendawa amalusa, amatuluka thukuta, samva ululu, amakhala ndi mphamvu zoposa za munthu, ndipo atha kufa mwadzidzidzi ngati sagonetsedwa msanga. Taonani ubwino wa matenda oterewa kwa wapolisi: munthu akalimbana nanu, ndi chizindikiro cha matendawo, akafera m'manja mwanu, amupha ndi matendawo.

Mbiri yake n'njochititsa manyazi. M'zaka za m'ma 1980, dokotala woyeza mitembo ku Miami, Charles Wetli, ndi amene anatchukitsa dzinali. Iye anafika ponena kuti amayi akuda ambiri amene ankapezeka atafa mumzindawo ankafa ndi cocaine ndi kugonana. Nkhani za imfazo zitaunikidwanso, zinadziwika kuti amayiwo anachita kuphedwa. Zimenezi zikanayenera kukwirira ganizolo, koma ayi ndithu. Mu 2009 bungwe la madokotala a zangozi ku America, American College of Emergency Physicians, linalemba chikalata chovomereza kuti matendawa alipo, ndipo chikalatacho chinalowa m'maphunziro a apolisi ndi a ogwira ntchito mu ambulansi. Ngakhale tsiku limene George Floyd ankafa pansi pa bondo la Derek Chauvin ku Minneapolis mu Meyi 2020, wapolisi mnzake Thomas Lane anamveka akutchula excited delirium. Bungwe lija linadzachikana chikalata chake mu Okutobala 2023, mwezi womwewo umene California inaletsa kulemba dzinali ngati chifukwa cha imfa.

Elijah sanali yekha. Atolankhani a Associated Press atafufuza, anapeza kuti kuyambira 2012 mpaka 2021 anthu osachepera 94 anamwalira ku America atagwidwa mwamphamvu ndi apolisi ndi kubayidwa mankhwala ogonetsa. Ku Minneapolis, lipoti la mu 2018 linaonetsa apolisi akuuza a mu ambulansi kuti abaye anthu ketamine, ena mwa iwo ali kale mu unyolo.

Sindikukana kuti alipo anthu ofunikadi kugonetsedwa. Amene anasamalako m'bale wodwala misala itafika pachimake akudziwa kuti nthawi zina jakisoni ndiye chifundo, ndipo wapolisi nayenso ali ndi ana omuyembekezera kunyumba. Funso langa ndi lakuti jakisoniyo akuthandiza yani. Ngati akubayidwa kuti wodwala apulumuke, wobayayo amayamba wamuyeza ndipo samuchotsa diso. Ngati akubayidwa kuti asiye kuvutitsa apolisi, ndiye kuti wachipatala wasanduka wapolisi wachinayi. Ndipo chida chakecho n'choopsa kuposa chibonga, chifukwa chibonga chimasiya zipsera zoti achibale aloze, pamene jakisoni amalembedwa m'mabuku kuti thandizo lachipatala.

N'chifukwa chake mlanduwu unatsala pang'ono kufera m'mazira. Lipoti loyamba la oyeza mtembo linati chimene chinapha Elijah sichikudziwika, ndipo mu Novembala 2019 woimira boma pa milandu m'deralo anati palibe womuzenga mlandu. Apolisi ena anafika pokajambulitsa zithunzi pafupi ndi pamalopo akuyerekeza kupanana khosi uku akuseka. Zinatengera zionetsero za imfa ya Floyd kuti bwanamkubwa wa Colorado, Jared Polis, alamule kuti nkhaniyi ifufuzidwenso. Mu 2021 anthu asanu anaimbidwa mlandu, ndipo lipoti la mtembo linasinthidwa n'kunena kuti Elijah anafa ndi zotsatira za ketamine atagwidwa mwamphamvu. Ife a ku Malawi kulemera kwa pepala la woyeza mtembo tikukudziwa: a Buleya Lule atafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu 2019, kuyeza kwa dokotala Charles Dzamalala ndiko kunaulula kuti anawazunza ndi magetsi.

Mzinda wa Aurora unapereka chipukuta misozi cha madola 15 miliyoni. Mu 2023 apolisi awiri, Nathan Woodyard ndi Jason Rosenblatt, anapezeka osalakwa. Wachitatu, Randy Roedema, anapezeka wolakwa n'kugamulidwa miyezi 14. Achipatala onse awiri anapezeka olakwa pa mlandu wopha munthu chifukwa chosasamala, chinthu chosowa kwambiri ku America. Cichuniec anagamulidwa zaka zisanu, koma woweruza anamutulutsa chaka chisanathe. Zilangozi n'zopepuka poyerekeza ndi moyo wa mwana wa munthu. Chimene ndingayamikire ndi lamulo la Colorado la mu 2021, loletsa wapolisi kulamula kapena kukakamiza wachipatala kuti abaye munthu ketamine.

Inu madokotala, anamwino ndi makilinikala amene apolisi amakubweretserani munthu ali mu unyolo, munthu ameneyo ndi wodwala wanu. Mufunseni mwini wake chimene chikumupweteka, muyezeni nokha, ndipo lembani zimene mwaona ndi maso anu, ngakhale wovala yunifomu ataima pambali panu akukuuzani zina.