Chigamulo Chimene Mwini Mlandu Sachimva

Pa bwalo la mfumu, monga la kwa Changata m'boma la Thyolo, palibe munthu amene achokapo osadziwa m'mene mlandu wake wathera. Wodandaula afotokoza, mboni zinena zimene zinaona, nduna zifunsa mafunso, ndipo potsiriza mfumu igamula: uyu alipe mbuzi, uyo abweze malire a munda pamene anali kale. Ngakhale nkhalamba yosaphunzira imva zonse. Koma munthu yemweyo akapita naye ku khoti la boma apeza kuti za moyo wake zilikukambidwa m'Chingerezi, iye ali chiriri ngati mlendo. Ine nditi chimenechi n'choipa, ndipo tachilekerera nthawi yaitali.

Taonani funso loyamba limene amfunsa. M'Chingerezi afunsa ngati ali "guilty" kapena "not guilty". Womasulira ati, "Kodi ukuvomera mlandu?" Tsono tiyese kuti ndi mai amene alonda anamgwira ndi mtolo wa nkhuni m'mphepete mwa munda wa tiyi. Iye pokhala waulemu, wosafuna kutsutsana ndi akulu, ayankha nati, "Inde, nkhunizo ndinatola." Atero poyesa kuti pambuyo pake afotokoza kuti anazitola pa njira ya anthu onse. Koma "guilty" si kutola nkhuni ai. Ndiko kuvomera zonse zimene lamulo litcha kuba, kotero kuti mboni sizifunikanso. Zoona, woweruza ayenera kuyamba watsimikiza kuti munthuyo wamvetsa chimene alikuvomera; koma mirandu ikachuluka, womasulira natopa, "inde" mmodzi akhoza kugonetsa munthu m'ndende.

Alipo mau enanso awiri, "acquitted" ndi "discharged". Ife pa onse awiri timva kuti wamasulidwa. Koma woyambayo khoti lampeza wosalakwa, ndipo sangamzengenso mlandu womwewo. Winayo akhoza kuitanidwanso. Nanga belo? Anthu akaona amene anagwidwa dzulo alikuyenda pa msika lero, ati apolisi adya ziphuphu, ndipo ena afikira pa kumenya munthuyo, osadziwa kuti wangololedwa kudikira mlandu wake ali kwao.

Anthu a ku Thyolo sayenera kuuzidwa kuti mau amaluma. Kuyambira chaka cha 1892 Harry Johnston anapereka kwa Azungu makalata a malo ochedwa "Certificate of Claim", olembedwa m'chinenero chimene eni nthaka sanachidziwe. M'makalata ambiri munali mau akuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasunthidwe, koma ndani anawawerengera makolo athu? Pa chaka cha 1903 woweruza Nunan, pozenga mlandu wa kampani ya Blantyre and East Africa, anakana mapangano amene kampaniyo inachita ndi mafumu a midzi, pakuti anali olanda anthu ufulu wa pa nthaka yao. Ndiponso liu lathu lomwe la thangata, lonena za kuthandizana pa ntchito, linapotozedwa likhale ntchito yokakamiza yolipirira pokhala, kufikira chaka cha 1962.

Ena ati Chichewa chiribe mau okwanira a malamulo. Amenewo ndi maganizo a ulesi. Kodi kuzenga, kuweruza, kugamula, umboni, dipo, chindapusa, chikole, tinabwereka kwa yani? Baibulo lonse linatuluka m'Chinyanja pa chaka cha 1922, pamodzi ndi malamulo onse a Mose, ndipo omasulirawo sanasowe mau. Anansi athu a ku Tanzania azenga mirandu ya m'makhoti ang'ono m'Chiswahili. Pamene liu lisowadi tibwereke, monga tinachita ndi belo, apilo ndi loya. Koma libwere ndi tanthauzo limodzi lokhazikika, lisakhale losintha ndi pakamwa pa womasulira aliyense. Womasulirayo sindimnena. Tamsenzetsa katundu wa akulu a malamulo, kuti aganize mau ali chiimire pamaso pa khoti.

Malamulo akulu a dziko a chaka cha 1994, pa gawo 42, anena kuti woimbidwa mlandu azengedwe m'chinenero chimene achimva, ndipo ngati sikutheka boma lilipire womasulira. Choyamba ndi chinenero chake. Womasulira ndi wachiwiri. Ife tatembenuza. Woweruza, wapolisi ndi woimbidwa mlandu onse alankhula Chichewa panja, koma akalowa m'kati chigamulo chilembedwa m'Chingerezi chokha. Chilembedwenso m'Chichewa, pepala lake apatsidwe mwini mlandu, akawerenge ndi abale ake kumudzi masiku ochitira apilo asanathe. Ndipo inu amene mwaphunzira kuwerenga tsopano, akakufunsani ngati muvomera mlandu musafulumire. Pemphani kuti akuuzeni bwino chimene akuti munachita, ndi dzina la mlanduwo pa lamulo, ndipo pamenepo muyankhe.