Omanga misewu awerengenso njinga ya mlimi

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti ndidali pa Luchenza, pansi pa mtengo pamene mnyamata wina amakonzerapo njinga, kudikira kuti andimatire chubu. Padafika alendo awiri a kunja, bambo ndi mayi, pa njinga zopepuka ngati nthenga, zipewa zolimba zili kumutu. Adali ndi mnyamata wa konkuno wowaperekeza. Iye adandipatsa moni mwaulemu nati, "Bambo, alendowa akuti dera lanu lino n'lokoma kupalasamo njinga. Ati atsika bwino kuchokera ku Thyolo pakati pa minda ya tiyi, ndipo kuyambira pano ndi pachidikha, phiri la Mulanje likungowayang'ana kutsogolo."

Ndidati, "Mwana wanga, uwauze kuti sakunama. Koma uwafunse ngati adayesapo njira yomweyi ali ndi thumba la nandolo pa keliyala, lole ikuliza hutala kumbuyo."

Sindikudana nawo alendowo ayi. Abwere ndithu. Chiyambire 2025, pamene bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse, tiyembekeze kuti azichuluka, ndipo mlendo wa pa njinga amaima n'kugula nanazi kapena peyala, pamene wa pa galimoto amangotisiyira fumbi. Koma alimi anzanga, mwini wake weniweni wa njira zimenezi ndi inu ndi ine. Mlendo amapalasa kamodzi n'kupita kwawo. Ife timapalasa chaka chonse, dzuwa ndi mvula yomwe, ndipo ndikuona kuti amene amamanga ndi kukonza misewu sationa.

Dzukani tambala woyamba tsiku la msika, muime pa msewu wa M2 pakati pa Luchenza ndi Chonde. Galimoto isanadutse n'imodzi yomwe mudzakhala mutaona njinga zambirimbiri. Wina wamanga madengu awiri a tomato, wina mitolo ya nzimbe, wina zigubu za mkaka, wina mbuzi yagona m'kabokosi ikulira. Wina wanyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala. Tauni ino idakula chifukwa cha njanji ija idafika ku Blantyre mu 1908 kudzera pano, koma katundu sadayambe wadzifikitsa yekha pa siteshoni. Kale ankabwera pamutu. Kenaka makolo athu adayamba kubwera ndi njinga kuchokera ku Joni ndi ku Halale. Bambo anga adabwera ndi Humber yakuda, ndipo ankaipukuta Lamulungu lililonse kuposa mmene ankapukutira nsapato za kutchalitchi. Nandolo amene amakadyedwa ku India, ulendo wake umayambira pa keliyala ya njinga m'mudzi mwathu muno.

Nkhani ya njira ndi nkhani ya ndalama. Venda akabwera pakhomo ndi sikelo yake, amadziwa kuti mlimi amene sangathe kutulutsa mbewu yake alibe pokanira. Mtengo amatchula yekha, ndipo sikeloyo ndi yakenso. Koma mlimi amene ali ndi njinga yabwino ndi njira yodutsika amati, "Pepani achimwene, ndikayesa pa Luchenza," ndipo kumeneko ogula alipo angapo, amapikisana. Nthawi zambiri venda uja akangoona kuti mwayamba kumanga thumba pa keliyala, mtengo amakweza pomwepo. Njira ikaduka, mphamvu imeneyi imatha.

Ena amati njinga yakapalasa ndi yachikale, poti masiku ano kuli kabaza wa njinga zamoto. Inde aliko, ndipo amathandiza. Koma takumbukirani zimene zidachitika ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiponso mizere ya mafuta ija ya kumapeto kwa 2024. Wa njinga yamoto adakweza mtengo, tsiku lina osapezeka n'komwe poti wagona pa mzere. Yakapalasa mafuta ake ndi nsima ya dzulo. Tayala ndi chubu nazo zidakwera mtengo, sindikubisa, komabe mlimi wa ekala imodzi angazikwanitse kusiyana ndi kulipira ulendo uliwonse.

Tsono vuto loyamba lili pa phula. M'malo ambiri m'mphepete mwa msewu mudadyeka, phula lidatsala pamwamba, dothi lili pansi, pakati pali kaphompho kotalika ngati chikhatho. Magalimoto awiri akamapatukana, wa njinga alibe kothawira koma kudumphira m'menemo. Wopanda katundu amadumpha n'kupitirira. Nanga wa makilogalamu 50 kumbuyo? Ine zidandionekera chaka china m'nyengo ya chiperoni. Ndidali ndi zigubu ziwiri za mkaka, lole idandipanikiza, ndidatsika phula mosakonzekera. Limu idapindika, masipoko adathyoka, mkaka wa tsiku lonse udamwedwa ndi dothi. Woyendetsayo sadaime, kaya adandiona kaya sadandione. Ndidapulumuka ndi bala pa bondo. Ena amene timawadziwa m'midzi muno sadabwerere kwawo.

Vuto lachiwiri, limene kwa ine ndi lalikulu zedi, lili m'njira zafumbi zolowa m'midzi. Mlendo uja adayamikira kuti dziko n'lathyathyathya. M'chilimwe n'zoona, munthu umapalasa ukuimba. Koma malo athyathyathya madzi sadziwa kolowera. Mvula ikagwa masiku atatu amangoima m'njira, ndipo pamene pali dothi la makande matope amakakamira pa tayala mpaka gudumu kuleka kuzungulira. Pamenepo njinga ndiyo imakwera mwini wake. Kamtsinje kamene mwana amalumpha mu Seputembala, mu Febuluwale kamakubweza, uzungulire mtunda wautali kufuna mlatho. Namondwe wa Freddy atatikantha mu Malichi 2023, anthu adalankhula kwambiri za milatho ikuluikulu, ndipo n'koyenera. Koma timilatho ta mitengo ta m'midzi, timene sitilembedwa pa mapu, nato tidapita, ndipo nkhani yake sidamveke patali.

Amene amaweta ng'ombe za mkaka akundimva bwino. Mkaka sudikira munthu. Ukakama uyenera kufika msanga ku thanki yoziziritsira ya gulu, ndipo kumeneko amauyeza. Ukachedwa m'njira n'kuyamba kusasa, amakubwezera. Udzu wamweta, madeya wagula, wadzuka usiku, koma malipiro ako atayika chifukwa cha malo amodzi opanda kalavati. Tomato naye akagwedezeka m'maenje amafika ataphwanyika, wogula n'kumati ndi wa dzana.

Ku Netherlands, dziko lathyathyathya kumene njinga n'zochuluka kuposa anthu ndipo alimi a ng'ombe za mkaka ndi ambiri, njinga zili ndi njira zakezake zopatukana ndi za magalimoto, ngakhale kumidzi. Sindikunena kuti tifanane nawo mawa, chuma chathu n'chosiyana. Chimene ndikupempha n'chochepa. Pamene pakumangidwa kapena kukonzedwa msewu wa phula wodutsa m'misika ngati Luchenza, Chonde, Goliati ndi Nkando, m'mbali zonse ziwiri musiyidwe kanjira ka phula koti njinga yonyamula madengu iyendemo mosaopa, ndipo kakonzedwe pamodzi ndi msewuwo. M'njira za m'midzi sitikufuna phula. Tikufuna makalavati, ngalande, miyala ya gelevulo pamalo a makande, ndi timilatho ta simenti toti njinga ndi ngolo zidutse. Ndalama ya kilomita imodzi ya phula ingamange timilatho totere tingapo.

Mkulu wina wophunzira adandiyankha kuti misewu imakonzedwa ndi msonkho wa pa mafuta, ndiye wa njinga alibe chonena poti sagula petulo. Mawu amenewa ndimawakana. Thumba la feteleza likafika pa Luchenza, mtengo wa mafuta a lole uli momwemo. Sopo, mchere, shuga, chimodzimodzi. Ndipo tikafika pa msika, chiphaso timadula tisanagulitse ngakhale tomato mmodzi. Msonkho timakhoma, kungoti sutuluka ndi utsi.

Koma ndisaloze ena okha, nafenso tili ndi zathu. Ndani amalima mizere mpaka kudya njira, kuti apezepo mapesi khumi? Ndani amatseka ngalande kuti madzi asalowe m'munda mwake, madziwo n'kuyenda m'njira? Ndife. Timayanika makaka m'mphepete mwa phula, pamalo pomwe mnzathu wa njinga akadathawirapo. Tilipo ena amene mabuleki adatha chaka chatha, timaimitsa njinga ndi chidendene pa tayala. Timayenda usiku tavala zakuda, popanda nyali kapena kagalasi kowala kumbuyo, pena titalawako kachasu. Timamanga malata kapena nzimbe mopingasa, njinga n'kutenga malo ngati ngolo. Woyendetsa galimoto si mfiti kuti aone munthu mumdima. Kagalasi kofiira mtengo wake sufika pa wa nkhuku, ndipo mbali yathu ndi ya kumanzere, monga galimoto, osati kulikonse kumene kwatikomera.

Za kukonza njira sitikuyamba lero. Achikulire akukumbukira ntchito za MASAF za m'ma 1990, pamene midzi inkalambula misewu ndi makasu n'kulandirapo kangachepe. Njira zina zimene tikuyendamo zidatsegulidwa nthawi imeneyo. Chidalakwika n'chakuti ntchito itatha tidazisiya ngati za boma, osati zathu. Lero kuli makomiti a chitukuko a m'midzi, kuli makhansala, kulinso thumba la chitukuko la CDF. Koma pa misonkhano imeneyi alimi timakhala chete kumbuyo, olankhula n'kukhala amene amafika pa galimoto. Iwo amadandaula za maenje a pa phula. Za kamtsinje ka kumunda kwanu sangazidziwe ngati simunena.

Akatswiri akafuna kumanga msewu amayamba awerenga zoyenda pamenepo, ndipo maso awo amakhala pa magalimoto. Ife tiwerenge njinga. Gulu lililonse la alimi, la mkaka, la nandolo kapena la ndiwo zamasamba, lisankhe malo amodzi ovuta kwambiri, munthu akhalepo tsiku la msika kuyambira m'mamawa mpaka masana ndi kope la sukulu, alembe njinga iliyonse ndi katundu wake. Kopelo lipite kwa a mfumu, lipite ku komiti, khansala alione ndi maso ake. Kwathu tagwirizana kuyamba ndi pa kamtsinje ka kuseri kwa dambo, pamene tidayalapo mitengo ya bulugamu itatu. Mdzukulu wanga wa Sitandade 7 wavomera kulemba, poti maso anga pa manambala adayamba kufooka, koma wati ndimugulire bolopeni yatsopano ndi mandasi awiri.