Ndimasokera Thupi Limene Labwera

Januwale ndi mwezi wouma kwa ife atelala. Maukwati ndi zinkhoswe zinapita ndi Disembala, ndalama za anthu zathera ku fizi ndi feteleza, ndipo makina akamalira ndiye kuti ndi mayunifolomu a ana asukulu. Koma pali pempho lina limene limabwera mwezi uno chaka ndi chaka. Mayi afika ndi chitenje chokongola chimene anachisungira ndalama miyezi ingapo, ndimuyeza, ndisanalembe n'komwe wandigwira mkono: "Asisi, chotsaniko mainchesi atatu m'chiunomo. Pofika Isitala ndikhala nditatsika."

Ndimakana, ngakhale ndikuifuna ndalamayo. Nsalu ukaidula sibwereranso. Diresi yosokera thupi la m'maganizo imakagona m'sutikesi, ndipo mwini wake akaiona imamukumbutsa kuti walephera. Amapitirizabe kupita kutchalitchi ndi zovala zakale zomuthina, ngati akudzilanga, podikira tsiku limene adzayenere chinthu chabwino. Ine ndikuti tsikulo ndi lero.

Ambiri a ife tinakula pamene mawu oti "mwanenepatu" anali moni wachikondi. Mkazi akanenepa pabanja, kwawo ankati bambo akumusamala. Kenako kunabwera zaka za m'ma 1990, pamene munthu akayamba kuonda anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde, ena n'kuyamba kumusala asanayezetse n'komwe. Manthawo anayamba kuzilala boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, koma sanatheretu. Mpaka lero pali amayi amene dokotala amawauza kuti achepetse thupi, iwo n'kumaopa zimene aneba adzanene. Tsopano foni yabweretsa lamulo lachitatu. Pa Facebook ndi TikTok mkazi akuyenera kukhala ndi chiuno chaching'ono, mimba yosaoneka, koma kumbuyo kodzaza. Mtsikana wa lero azakhali ake akumufunsa ngati akudwala, anzake akumuuza kuti mimba yatuluka, zonsezi sabata imodzi. Adzakondweretsa ndani?

Amene amapindula ndi chisokonezochi ndi ogulitsa. Onetsetsani bwino: amene akugulitsa tiyi wochepetsa thupi nthawi zambiri ndi yemweyo ali ndi botolo la mankhwala onenepetsa ndi lamba womanga mimba. Kwa iye thupi lililonse ndi lolakwika, chifukwa mkazi wokhutira ndi mmene alili sagula kanthu. Wina anabwera pashopu panga kudzapempha kuti aike katundu wake pashelefu, ine ndizilandirapo kangachepe pa paketi iliyonse. Anasankha bwino malo, pakuti palibe pamene mkazi amadzikayikira kwambiri kuposa pamene tepi yamuzungulira. Ndinamubweza. Sindingayeze munthu ndi dzanja ili, n'kumugulitsa manyazi ndi linalo.

Komanso tizidziwa zimene zili m'mapaketimo. Matiyi ambiri otere amakhala ndi masamba a senna, amene ntchito yake ndi kutsegula m'mimba. Sikelo imatsika chifukwa madzi atuluka, mafuta ali pomwepo, ndipo womwa kwa nthawi yaitali amafooka chifukwa mchere wofunika m'thupi ukutayika. Zina n'zoopsa kuposa apo. Mankhwala otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 ataona kuti akuwonjezera chiopsezo cha matenda a mtima ndi sitiroko, koma akupezekabe atabisidwa m'makapisozi ndi m'makhofi ena olembedwa kuti ndi achilengedwe. Kumbali yonenepetsa kuli Apetamin, amene muli cyproheptadine, mankhwala a ziwengo amene amawonjezera chilakolako cha chakudya ndi kugonetsa tulo. Ku Britain ndi ku America saloledwa kugulitsidwa, ndipo mafuta amene amabwera nawo sasankha kuti akakhale kumatako kokha.

Nanga kudzimana chakudya? Mu 2016 ofufuza a ku America, motsogozedwa ndi Kevin Hall, anatulutsa zimene anapeza pa anthu 14 amene anachita nawo mpikisano wa pa TV wochepetsa thupi wotchedwa The Biggest Loser. Patapita zaka 6, ambiri mwa iwo thupi linali litabwerera, ndipo matupi awo ankawotcha chakudya chochepa kwambiri kuposa mmene zimayembekezeredwa kwa munthu wa msinkhu ndi kulemera komweko. Thupi likamanidwa mwadzidzidzi limaganiza kuti kwagwa njala, ndiye limayamba kusunga. Choncho mayi amene anangomwa madzi a mandimu mu Januwale n'kunenepanso mu Juni si waulesi ayi, ndipo asadzitukwane. Thupi lake lachita zimene linalengedwera kuchita kuti asafe.

Pano wina anganene kuti telala uyu akulimbikitsa anthu kuti azingonenepa. Ayi. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 pa 100 alionse m'dziko muno anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'tauni chiwerengerocho chinali chokwera kwambiri. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi tikuikira nawo maliro, ndipo sindingawachepetse. Koma zimenezi siziyezedwa ndi tepi yanga. Ndayezapo amayi aakulu thupi amene amalima munda wawo okha popanda wefuwefu, ndayezaponso oonda amene BP inawagwetsa osayembekezera. Ngati mukufuna chinthu chimodzi choti muchite chaka chino, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga, mukamve kwa dokotala kapena namwino amene sakugulitsani kanthu.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kumva nsima ikutchedwa mdani, makamaka mwezi uno. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe kumudzi zimakhala zitagona, anthu akuyenda maganyu kuti apeze kambale ka ufa. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Mu Malichi 2024 maboma 23 mwa 28 analengezedwa kuti ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. M'dziko lotere, kuphunzitsa mwana wamkazi kuopa mbale ya chakudya ndi chinthu chimene sindingachimvetse. Azaumoyo athu akhala akutiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo palibe gulu limene anati tilitaye. Nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, bonongwe ndi chisoso zimene mvula yatipatsa ulere, nyemba, usipa, mango amene akugwa okha: izi sizinativulaze. Chimene chasintha ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi tsiku lililonse, tchipisi chosambira m'mafuta, masupuni anayi a shuga mu tiyi, ndi kukhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako n'kukwera kabaza paulendo umene amayi athu ankayenda atasenza mtolo. Zimenezi tingazikonze pang'onopang'ono popanda kudana ndi thupi lathu.

Ntchito yanga imandionetsa zimene ena saona. Tepi ikafika pamimba, pafupifupi mayi aliyense amakoka mpweya n'kuugwira. Ena amayamba kupepesa: "Pepani asisi, chimimbachi, ana anandiwononga." Mimba imene inanyamula ana anayi, ina ili ndi chipsera cha opaleshoni chimene chinapulumutsa miyoyo iwiri, mwini wake akuipepesera kwa munthu amene akumulipira! Ndimaima kaye n'kunena kuti, "Pumani, amayi, masukani. Mukagwira mpweya diresi idzakuthinani pampando." Akapuma, mapewa amatsika, nkhope imasintha, ndipo nthawi zambiri ndi pamene amayamba kundiuza mtundu wa diresi imene akhala akuifuna zaka zonsezi koma ankaopa kuti siwakhala. Abambo nawonso ali nazo zawo: lamba pansi pa mimba, n'kumaumirira saizi ya thalauza imene anavala pa ukwati wawo.

Kudzilandira sikutanthauza kusiya kudzisamala. Munthu amasamala chimene amachikonda. Mayi amene wavala chomukwana amayenda, amavina ku chinkhoswe, amapita kusikelo ya kuchipatala popanda mantha. Amene akudziona ngati cholakwika amabisala, ndipo ndi yemweyo amene amamwa chilichonse chimene wamuuza mlendo wa pa WhatsApp.

Chaka chino ndaika malamulo pashopu. Atsikana amene ndikuwaphunzitsa kusoka sakuloledwa kutchula muyezo wa munthu mokweza. Amalemba m'buku mwakachetechete. Palibe kunena kwa kasitomala kuti wanenepa kapena waonda, ngakhale mocheza. Pamsoko uliwonse wa m'mbali tizisiya nsalu yokwanira mkati, kuti thupi likasintha ndi mimba, matenda kapena zaka, diresi isinthe nalo. Ndipo amene ndinamusokera chaka chino, akadzabwera kuti ndimubwezere kapena ndimukulitsire, mtengo wake ndi umodzi, ndipo sindidzamufunsa chifukwa chake.